Bourbon Amene Ndinagulira Amayi

Ndinaganiza zochoka tsiku limene amayi anadulidwa mu mpingo. Mlandu wawo unali kutcheza kachasu kuseri kwa nyumba yathu ku Bangwe, kachasu yemweyo amene anatiphunzitsa sukulu ine ndi mng'ono wanga bambo atamwalira. Amene anawerenga dzina lawo kutsogolo anali a Chirwa, mkulu wa mpingo. Amayi anangoweramitsa mutu. Ine ndinatuluka nyimbo isanathe, ndikulumbira kuti ndikagwira ntchito kutali, yoti amayi asadzakolezenso moto pansi pa mgolo wa kachasu.

Msuweni wanga, namwino pa chipatala chachikulu cha ku Govan mumzinda wa Glasgow, ku Scotland, ndiye anandithandiza kufika kumeneko. Chaka choyamba sindichikumbuka mokondwa. Mvula yosakata, mdima folo koloko masana, ndiponso Chingerezi cha anthu a kumeneko chimene ndinkangochivomera ndi mutu osamva kanthu. Pa basi ndinkamvetsera uthenga umodzimodzi wa amayi pa foni katatu kanayi, kuti ndingomvako munthu akunditchula dzina bwinobwino. Ntchito ndinaipeza ku Shawlands, dera lina la mzindawo, yotsuka matambula mu bala ya mayi wina wotchedwa Moira. Inali bala ya wisiki yekhayekha, ndipo Moira, ngakhale anali mbadwa ya Scotland, mtima wake unali pa bourbon, wisiki wa ku Amereka.

Tsiku lina m'mawa ndinanunkhiza tambula imene munatsala dontho, n'kunena ndekha kuti mowawu ukumveka chimanga ndi shuga wopserera. Moira anandimva. Anandithirira mitundu itatu, ndipo ndinamuuza wakale kwambiri ndi uti. Anandifunsa amene anandiphunzitsa. Ndinachita manyazi kuyankha, chonsecho ndinakulira pambali pa mayi amene ankadziwa kuti mutu wa kachasu, woyamba kudontha uja, watha pongonunkhiza paipi.

Kuyambira pamenepo anandiika kutsogolo. Anandiphunzitsa kuthira mowa pang'ono m'tambula ya kamwa yaing'ono, kuusiya upume, kununkhiza pakamwa pali potsegula pang'ono kuti ukali usakuotche mphuno. Kenako kumwa kadontho, kukasunga palilime, n'kuwonjezera timadontho tiwiri ta madzi kuti fungo litseguke. Anandifotokozera kuti bourbon amapangidwa ndi chimanga, ndipo amagona zaka m'migolo yamatabwa yatsopano yowotchedwa mkati. Munthu akapempha kuti ndisakanize wa zaka zambiri ndi zoziziritsa kukhosi, Moira ankamupatsa wotchipa, akuti winayo asamuwononge.

Apa m'pamene mkwiyo wanga unayambira. Pakhoma la bala panali zithunzi za abambo otcheza mowa, atavala majekete, akulemekezedwa ngati maprofesa. Alendo ankabwera ndi timabuku kudzalemba zimene ndikunena. Chimanga, madzi, moto, paipi: ntchito yomweyo ya amayi anga! Kungoti awa ali ndi mpata wodikira zaka khumi, pamene amayi ankagulitsa wawo akadali wofunda chifukwa ana tinali ndi njala.

Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, ndipo amayi anasiya kutcheza. Mpingo unawabwezeretsa, ndipo anayambanso kudya Mgonero. Anandiimbira akulira ndi chimwemwe. Koma kumudzi ndinkangonena kuti ndimagwira ku hotela. Ku tchalitchi cha ku Gorbals, ku Glasgow komweko, kumene ndinkapemphera ndi Amalawi anzanga nkhani inatuluka, ndipo mayi wina anandikokera pambali. "Tiyamike, mtsikana wopemphera ngati iwe, kumaseva mowa? Bwanji osapeza job ya kukeya, yosamalira okalamba?" Ndinaluma mano.

Nditakhala ku Glasgow zaka zisanu ndi ziwiri ndinabwera kudzaona kwathu. Ndinagula botolo la bourbon wa zaka khumi ndi ziwiri ndi matambula awiri. Ndinkafuna tikhale awiriwiri ndi amayi, ndiwauze zoona zake za ntchito yanga, ndiwauzenso kuti luso limene anthu anawanyoza nalo ndi limene likundidyetsa. Ndinkafuna alawe, kamodzi kokha, osachita manyazi.

Cholakwa changa chinali kuiwala mwambo wathu. Wochokera kunja satsegula chikwama mobisa. Loweruka masana abale anadzaza pabalaza, chikwama chili pakati, aliyense akulandira chake poyera. Botolo litangoonekera, amalume anga a Joji analitenga osafunsa n'komwe, chifukwa kwathu botolo lililonse ndi la amuna. Pambali pawo panakhala a Chirwa, amene anabwera kudzapempherera kufika kwanga.

Ndinapita kuchipinda kukatenga matambula aja. Pobwerera ndinapeza atsegula kale, athira m'makapu a tiyi mpaka theka, n'kudzazitsa ndi chakumwa cha malalanje. A Chirwa anali atagugudiza kapu yoyamba.

"Uwu si mowa ayi," anatero akupukuta pakamwa. "Ndi wa azungu uwu. Pang'onopang'ono umayendetsa magazi."

Ndinalanda botolo m'manja mwa amalume anthu onse akuona, chinthu chimene mwana wolelwa bwino sachita. "Pepani amalume, limeneli ndagulira amayi." Ndinathira pang'ono m'tambula, n'kugwada pamene amayi anakhala pamphasa pafupi ndi khomo.

"Amayi, ku Glasgow sindigwira ku hotela. Ndimagulitsa mowa uwu, ndipo azungu amandilemekeza chifukwa cha mphuno imene munandipatsa inu. Talawani."

Analandira ndi manja awiri. Anaipendeketsa tambula kuyang'ana kuwala, naibweretsa pamphuno pang'onopang'ono, maso ali chitsinzire. Nkhope yawo inasintha, ndipo kwa kanthawi ndinaona mayi amene ndinkamudziwa ndili mwana.

"Amene anatcheza uyu sanathamange," ananong'oneza. "Moto wake unali wofatsa."

Kenako anatsegula maso n'kuyang'ana a Chirwa. Tambula ija anaibweza m'manja mwanga, osaikhudzitsa pamilomo.

"Mwana wanga, mawa kuli Mgonero. Usandichotsetsenso."

Ndinalira pomwepo ndili chigwadire, misozi ya mkwiyo. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti amayi analangidwa chifukwa cha mowa, ndipo ndinawoloka nyanja kuti ndiwachotse m'tchimo limenelo. Tsiku limenelo ndinaona kuti kwathu mowa si mlandu. Mlandu ndi kukhala mayi wamasiye, wosauka, amene utsi wake umaoneka kuseri kwa nyumba. Ndikudzuka, a Chirwa anakweza kapu yawo ya tiyi mondilozera, akumwetulira.

"Poti amayi akowo samwa, mwanawe, tangondiwonjezera pang'ono."