Tsiku Limene Mayi Wayilesi Anazima

Pachipatala chathu pali namwino mmodzi yekha amene anapita kusukulu ya zoyamwitsa, ndipo tonse timawatchula kuti Mayi Wayilesi. Mayi aja amalankhula, abale. Amayambira pageti, kulonjera mlonda, kudzudzula wogulitsa nthochi, mpaka kukalowa m'wodi pakamwa pasanatsekeke. Amuna awo amayendetsa mathiraki opita kutali, ndipo anthu amati ntchitoyo anachita kuisankha dala.

Koma ntchito amaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Anaiyamba ali mtsikana, pano imvi zili mbuu. M'chikwama mwawo simusowa chidole chothothoka tsitsi ndi bere loluka ndi ulusi wapinki, lomwe tsiku lina linagwera m'minibasi, kondakitala n'kukana kulitola. Vuto n'lakuti Mayi Wayilesi alipo awiri. A m'mwamba, kuwodi yolipira, amakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi mpaka mwana agwire bere. A pansi, kuwodi ya tonsefe, amaima pakati ngati mlaliki wa pamsika, kukweza chidole m'mwamba, n'kuphunzitsa azimayi onse nthawi imodzi. Si nkhanza ayi. Pansipo pamadzaza, ena mpaka kugona pasimenti, ndipo iwo ali okha.

Ulaliki wawo umathera pa mfundo imodzi: "Mvetserani, amayi. Mwana akamayamwa bwino mumamumva akumeza. Mukamva zimenezo, mtima ukhale m'malo."

Mng'ono wanga ndi telala, ndipo samva chibadwire. Timalankhulana ndi manja. Atachira mwana wake woyamba anamugoneka m'wodi yapansiyo, ine mlonda n'kundibweza pakhomo poti nthawi yoona odwala inali isanakwane. Ndinamuuza kuti ine ndiye makutu a munthuyo. Anati makutuwo nawonso adikire nthawi.

Tsono mng'ono wangayo ali ndi khalidwe lina limene limandinyansa. Munthu wa yunifolomu akamayendetsa milomo, iye amangogwedeza mutu n'kumwetulira kuti zithe msanga. Mayi Wayilesi atamufunsa ngati wamva, anagwedeza. Mpaka anamuyamikira pamaso pa anzake kuti uyu ndiye womvera, salongolola.

Kunyumba mwana ankangopsopsona kansonga ka bere, osameza kanthu. Mawere anatupa kuti gwa, nsonga n'kung'ambika, mwana kulira mpaka kusasa mawu. Kusikelo anati watsika. Apa m'pamene apongozi a mng'ono wanga anatulukira, botolo kumanja, chitini cha mkaka kumanzere.

"Munthu wosamva mwana akulira angalere bwanji?" anatero, akuyang'ana ine ngati mwini mwana palibe. "Ndimutenga ndikalere ndekha."

Mlamu wanga, bambo wa ndevu zake, anangoti zyoli kuyang'ana nsapato. Mng'ono wanga sanafune womasulira. Anaona botolo, anaona matewera akupindidwa kulowa m'chikwama cha apongozi, n'kumukumbatira mwana mpaka ndinaopa kuti amuthyola. Chisoni chinandigwira, kenaka mtima unandiwira.

M'mawa mwake tinapita tonse kuchipatala, apongozi ali pambuyo ndi chikwama chawo, ati akamve okha adokotala akuwapatsa mwana. Ine sindinaime pansi. Ndinakwera masitepe a olipira, mng'ono wanga ndi apongozi akunditsatira, mlonda uja akundikuwa, n'kuwapeza Mayi Wayilesi ali phee pampando wawo uja, kapena ndinene kuti thupi lokha ndilo linali phee.

"Mayi, munauza munthu wosamva kuti amvetsere," ndinatero. "Mwana akutha uyu, ndipo akufuna kumulanda."

Anatsegula pakamwa, ine n'kukonzeka, chifukwa nanenso pakamwa sindinabwereke. Sipanatuluke kanthu. Anayang'ana mng'ono wanga, amene mwa chizolowezi chake chija anawagwedezera mutu n'kumwetulira, misozi ili chuchuchu. Ndinawaona Mayi Wayilesi akuikumbukira nkhope imeneyo, ndipo manyazi awo anandimvetsa chisoni ngakhale sindinkafuna.

Anatulutsa mpando uja n'kumukhazika mng'ono wanga pakhonde la olipira pomwepo. Chidole sanachikhudze. Anamusonyeza ndi manja kufinya pang'ono kuti bere lifewe. Anamutembenuza mwana kuti mimba yake igunde ya mayi ake, n'kudikira mpaka atayasamula kwambiri, ndiyeno n'kumubweretsa kubere. Kenaka anatenga chala cha mng'ono wanga, kuchiika pakhosi pawo, n'kumwa madzi. Kholingo linayenda. Chala chomwecho anachiika mofatsa pansi pa chibwano cha mwana.

Tinadikira. Apongozi anayamba: "Ine ndinanena kale kuti..."

"Takhalani chete, mayi," anatero Mayi Wayilesi. Inde, iwowo, kuuza munthu kuti akhale chete.

Ndinaona mapewa a mng'ono wanga akutsika. Kumwetulira kwabodza kuja kunachoka, anangoti duu, maso ali pamwana, chala chili pomwepo. Patapita kanthawi anachichotsa, n'kundilankhula ndi dzanja limodzi, msangamsanga, n'kuchibwezera.

"Akuti chiyani?" apongozi anandifunsa.

"Akuti akumeza," ndinatero. "Akutinso matewera aja mubweze."