Ndowe za nkhosa m'minibasi

Amuna anga atawachotsa ntchito ya ukalaliki ku Lusaka m'zaka za m'ma 1990, tinasamukira kupuloti yathu kufupi ndi Chalimbana. Anagula nkhosa, ndipo kutacha kulikonse ankavala tayi n'kukazidyetsa kudambo. Zinaswa bwino, koma ana ake sankakula. Mvula inatha, tiana tili chimodzimodzi, timiyendo ngati mapesi, kunsi kwa chibwano kotupa.

Amuna anga ankanyadira kutupako. "Amai, onani mafuta," ankatero. "Zayambila pa mukosi monga ba bwana bathu ku ofesi. Kwinangu kuzakonkha pambuyo."

Tsiku lina mayi wa pafamu yoyandikana nafe anabwera kudzabwereka sefa. Anagwira kamwana ka nkhosa kamodzi, n'kutembenuza chikope. M'kati munali mbee ngati ufa. "Aya ni manzi, ba neba, si mafuta. Njoka zamumala zamwa magazi. Pelekani ndowe ku Palabana bakapime."

Amuna anga anatola ndowezo ndi supuni, n'kuziika m'kabokosi komwe kale ankatengeramo chakudya cha kuntchito. Ine ndinapita nawo. M'minibasi munali mothina, moti kabokosi anakagwirira mkulu wina wa jekete amene anakhala kutsogolo kwathu. Ndinamuona akutsegula pang'ono, n'kulowetsa zala. Ndinatsina amuna anga, koma iwo anali munthu waulemu kwambiri, anangoyang'ana pawindo. Mkuluyo anatafuna nthawi yaitali. Potsika anati, "Nyemu zanu sizinapse."

Ku Palabana mlangizi wa ziweto anadandaula kuti ndowe zachepa. Anazipimabe, n'kupeza mazira a njoka zam'mimba ali mbwee. Anati nkhosa zimadya tinjokato pamodzi ndi udzu wonyowa wa kudambo. Anatipatsa mankhwala a m'botolo, n'kutiuza kuti tisamutsire ziweto kumtunda.

Pomwetsa, ine ndinkagwira miyendo. Kamwana koyamba kanatsokomola pomwe amuna anga ankafuula kuti "gwilani", mankhwala onse n'kuthera m'kamwa mwawo. Anakhala pachitsa tsiku lonse kudikira imfa, akundiuza amene adzatenge njinga yawo. Madzulo anapempha tiyi.

Tiana tiwiri tinafa sabata yomweyo, ndipo ndinalira kuseri kwa khola. Totsalato tinanenepa n'kuyamba kudumpha, pofika Khirisimasi tinkawononga ndiwo za m'dimba langa. Amuna anganso ananenepa chaka chimenecho, koma sankalola kuti wina azitchule.