Tsiku Limene Amayi Anasinja Mapanela

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene tinabwerera ku Lifidzi kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo. Chuma chathu chonse chinali mabulangete, makasu ndi mapanela, mapoto a aluminiyu amene tinalandira kumsasa. Amayi ankawakwecha ndi mchenga mpaka munthu kudzionamo nkhope.

Chaka chotsatira agogo, bambo awo a amayi, mutu unayamba kuwasokonekera. Ankanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Akangomaliza kudya, ankadandaula kuti tikuwamana chakudya. Tsiku lina m'mawa anapezeka pakhomo pa a Nangozo, mayi woyandikana nafe, atakhala pamtondo osavala malaya, akunjenjemera ndi chisanu. Tsoka lake, mwana wa a Nangozo anali akudwala.

Pofika masana mudzi unali utagamula kale: nkhalamba ija yagwa paulendo wa ufiti. Anthu anadzaza pabwalo pathu, anyamata miyala ili m'manja. Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinagwira mmodzi n'kumugulula dzino. Sizinathandize. Phokoso linangokula, ena akuti nkhalambayo ichoke pamudzi dzuwa lisanalowe.

Masabata angapo izi zisanachitike, malume anga, amene ankanyamula katundu panjinga kumalire ku Kalomwe, anabwera ndi nkhani imene anamva kwa woyendetsa lole, yoti aluminiyu amasungunukira m'chakudya n'kukadya ubongo. Amayi anawaseka tsiku limenelo.

"Nanga wanuwo, achimwene, unatha bwanji musanadyeremo?"

Koma masana amenewa amayi anatuluka m'nyumba atakumbatira mapanela onse, musi uli m'khwapa. Anawaponya pakati pa anthu.

"Mukufuna mfiti? Nazi. Bambo anga adyera mu izi kuyambira kumsasa. Funsani achimwene, amva kumalire zimene zimachita m'mutu."

Anayamba kusinja. Phokoso lake likadali m'makutu mwanga: chitsulo chikulira ngati mbuzi yomangidwa, panela yaikulu yophikira nyemba ikupindika mpaka kukhala ngati chikamba cha fulu. Malume, atapeza owamvera, anafotokoza mokweza n'kuwonjezerapo zawo. A Nangozo anagwira pakamwa, chifukwa nawonso phala la mwana ankaphikira m'panela yakumsasa. Mkangano unasamuka. Amayi ena anathamangira kwawo kukayang'ana timaenje ta m'mapanela awo, ena ankatsutsa, ndipo miyala ija inagwa pansi payokha.

Anthu atabalalika ndinawapita amayi ndi ukali.

"Si inu munawaseka amalume? Tsopano tiphikira chiyani? Nkhaniyo ndi yoona kapena ayi?"

"Sindidziwa," anatero akupukuta thukuta. "Anthu aja anabwera kudzamenya chinthu, ndawapatsa. Tenga ndowa ukatunge madzi, agogo ako adziipitsira."

Tinabwerera kumiphika yadothi, ndipo umodzi ndinauswa ndekha ndi nkhanza zanga. Agogo sanachire. Anakhala nafe dzinja lina ndi linzake akuiwala chilichonse, koma anafera m'nyumba mwawo, ndipo a Nangozo anali m'gulu la ophika pamaliro.

Lero nkhani ija yabweranso, ikuyenda m'mafoni. Mwana wanga wamkazi wanditumizira kangapo, akuti titaye mapanela onse, chifukwa amayi nawonso ayamba kunditchula dzina la malemu bambo anga. Ndinakafunsa kuchipatala ku Ulongwe. Namwino anandiuza kuti palibe umboni wotsimikizika woti mapanela ndi amene amabweretsa matendawa, koma ndisamasunge zowawasa m'panela yokumbika. Ndinatuluka nditakwiya. Ndinkafuna andilozere cholakwa, ndichione ndi maso, ndichiphwanye.

M'shapa, minibasi ya kwathu kuno, pobwerera ndinakhala wosakhazikika, mpaka ndinazindikira kuti ndine mmodzi wa anthu aja anadzaza pabwalo. Kusaka chochititsa kumakoma chifukwa kumatha tsiku limodzi. Kusambitsa kholo limene silikukudziwa ndi ntchito ya mawa ndi mkuja, ndipo palibe amene amabwera kudzaonerera. Nditafika kunyumba amayi anandifunsa kuti ndine mlendo wochokera kuti. Ndinati ku Ulongwe, n'kupita kukawatenthetsera madzi.