Mmene Anandipondela Msana Wothyoka

Kwa onse amene awelenge izi, ndiyamba ndi kutsimikiza kuti nkhani ili m'munsimu si yopeka ndipo sindinaimve kwa munthu wina ayi. Inachitika pa thupi langa lomwe, ndipo wokaika ali ndi ufulu wobwela ku Nyimba kudzaona tizipsela tonga njele za mapila tili kumsana kwangaku. Maina sinditchula, pakuti okhudzidwa ena ali moyo ndipo timapemphela tchalitchi chimodzi.

Zinali m'zaka zija madepoti a kopaletivi atatsekedwa, pamene aliyense wokhala ndi sikelo anasanduka wogula mbewu. Ine, amene kale ndinali kalaliki wa depoti, ndinalowa ntchito yogulila bwana wina mtedza m'midzi ya ku Kaumbwe. Tsiku la ngozi yanga kutsogolo kwa lole yonyamula mtedzawo kunadzaza, motelo ndinakwela pamwamba pa matumba. Tisanatulukile mu msewu waukulu lole inagwela m'dzenje, ine ndinaponyedwa m'mwamba ndi kutela chokhala pa chitsulo cha kumbuyo, ndipo m'kati mwa msana munamveka kuti tswa, ngati phesi louma ukaliponda. Magazi sanatuluke, ndiponso ndinatha kuima ngakhale mowelama. Nanga munthu woima ndi miyendo yake angauze ndani kuti wathyoka?

Ananditula kumudzi kwa akazi anga kufupi ndi Minga, kumene apongozi anga aakazi anagamula kuti msana wangobinya, ndipo mankhwala ake ndi odziwika. Monga mudziwa, kwathu kuno amati mai amene anabala mapasa ali ndi phazi lochiza, ndipo akakuponda msana ululu umachoka. Anaitana mai wina wotelo, munthu wa thupi ndithu, nandigoneka chafufumimba pakhomo, iye atagwilila munsi kuti asagwe. Alamu anga, mkulu wao wa akazi anga, anali kuseka kuti kalaliki amene sanagwilepo khasu msana wake ndi dzungu, amai apondetse kuti ukhwime. Phazi litafika pakati pa msana ndinamvanso kuti tswa, moto unatsika m'miyendo yonse iwili, kenaka dzanzi. Ndinakuwa ngati mwana, koma apongozi anati kulilako ndiye umboni kuti nthenda ikutuluka, ndipo maiyo abwelenso m'mawa adzamalize.

Apa ndiyenela kuyamikila akazi anga, amene pa moyo wao wonse sanayankhepo amai ao, koma tsikulo anati ngati kuli kuponda apondedwe iwo, mwamuna wao akupita kuchipatala. Anandinyamula pa ngolo. Ku chipatala cha mishoni anajambula mafupa, ndipo dokotala anandionetsa timafupa tiwili ta msana titaphwanyika ngati chitini chopondedwa. Anati pafupi pomwepo pamadutsa mtsempha waukulu umene umalamula miyendo, ndipo fupa likanasuntha pang'ono chabe sindikanayendanso. Ndinagona chagada nthawi yaitali, ululu osatsika, mpaka ananditumiza ku Lusaka kumene kunabwela madokotala a njila yatsopano, yothila simenti ya mafupa kudzela mu singano popanda kung'amba munthu. Alamu anga atamva anati zakhala bwino, pakuti ndikadzamwalila sadzavutika kugula simenti ya pamanda, ndidzapita nayo ndekha. Anthu anaseka, ine sindinaseke.

Dokotala wa kumeneko anandifotokozela mosabisa kuti simentiyo imalowa ili phala ndipo imauma msanga, koma ikatayikila kumene kuli mtsempha uja miyendo imafa. Pa chifukwa chimenechi sadzandigonetsa tulo, adzangochititsa dzanzi malo a singano, ndipo akandiuza kugwedeza zala za kumapazi ndigwedeze. Taganizani nokha, munthu uli maso, nkhope ili pa pilo, ukumva kanyundo kakukhoma singano m'fupa lako kuti go, go, ndipo fungo lili ngati la guluu wa osoka nsapato!

Kumutu kwanga kunaima nesi wa Chibemba, ndipo atamva kuti ndine wa kum'mawa anayamba chimbuya, chipongwe chija timachitilana ndi Abemba popanda wokwiya. Anati mafupa a anthu odya mbewa n'chifukwa chake ali ngati mapesi. Ine ndinayankha mwaulemu kuti amai, odya anyani sangatiphunzitse za chakudya. Anati akandichilitsa ndidzamulipila ndi mkazi wanga akhale wantchito wake, ine ndinati ameneyo sangamuthe, anagonjetsa ndi amai ake omwe. Tinapitiliza chotelo, fupa loyamba linatha bwino.

Pa fupa lachiwili nesi uja anasiya mau pakati. Dokotala analankhula liu limodzi lakuthwa, onse anayang'anitsitsa chithunzi cha mafupa chimene ine sindinali kuchiona. Anandiuza kugwedeza zala. Ndinalamula zalazo, koma kunena zoona sindinadziwe ngati zagwedezeka, pakuti mwendo wa kumanzele unali ngati chipika cha munthu wina. Ndinafunsa nesi kuti amai, kodi zikuyenda? Sanandiyankhe. Mbemba kukhala chete pamaso pa munthu wa kum'mawa, kodi si malilo amenewo? Ndinaona m'maganizo mphasa ya kuseli kwa nyumba, akazi anga akunditembenuza ngati thumba zaka zanga zonse zotsala, ndipo ndinayamba pemphelo koma mau ake anandithawa. Kenaka china chinanditsina chala chachikulu mwankhanza, ndinakuwa ndi kukoka phazi, ndipo nesi anapuma mokweza nati wakudya mbewa uyu safa, ali ndi mwano mpaka kuzala.

Pambuyo pake dokotala anati kadontho ka simenti kanayamba kulowela kolakwika, iye anaimitsa kasanafike pa mtsempha. M'mawa mwake anandiimitsa, ndipo ndinayenda kukafika pa zenela, ululu uja wobaya utatsala wochepa. Lelo ndimayenda ndekha ndipo ndimapalasa njinga pang'onopang'ono, koma thumba sindinyamula, ndipo zala ziwili za kumanzele zili ndi dzanzi mpaka pano.

Chimene ndikhulupilila tsopano ndi ichi: mai wa mapasa analibe mtima woipa, ndipo phazi lake mwina limathandiza msana wotopa ndi khasu, koma phazi lilibe maso oona m'kati. Motelo ndikupempha mwaulemu onse, munthu akagwa chokhala, kapena nkhalamba ikamva kubaya kwadzidzidzi pakati pa msana, musalole wina aliyense kumuponda, ngakhale walamula ndi mpongozi. Mugonekeni pa chitseko, mupite naye akajambulidwe. Ine ndinapondedwa kamodzi kokha, ndipo ndikuyenda chifukwa mkazi mmodzi anakana kuti ndipondedwe kachiwili.