Timabuku ta Mpunga Tinathera ku Tembwe

Amuna anga ali ndi nthenda imodzi imene ndalephera kuwachiritsa ngakhale ndine namwino: kanthu kabwino kakagwa m'manja mwawo, sakhazikika mpaka atakagawa. M'zaka za m'ma 1990 tinkakhala pa boma la Chama, ine ndikugwira ntchito kuchipatala, iwo ali mlangizi wa zaulimi. Dzinja lililonse ankapalasa njinga kupita ku Tembwe kukayeza minda ya alimi, kufuna kudziwa ngati mpunga wowokera umabereka kuposa wofesa. Ankabwerako matope mpaka m'makutu, ndipo wochapa ndinali ine.

Zimene anapeza anazilemba m'Chingerezi n'kutumiza ku magazini ina ya kunja, ya anthu ophunzira okhaokha. Nkhaniyo inapita n'kubwerera, kupitanso n'kubwereranso, uku akuti konzani apa, uku chotsani apo, mpaka mwana amene ndinali naye kumsana anayamba kuthamanga. Kenako inasindikizidwa. Ine ndinkayembekezera buku lonenepa loti alendo akabwera aziliona pathebulo. Chinabwera ndi mtolo wa timabuku topyapyala, masamba ochepa omanga ndi kawaya. Akuti ndiwo mwambo wa kumeneko: magazini yeniyeniyo sakupatsa, amangokusindikizira nkhani yako yokha kuti uzigawira akatswiri anzako.

Akatswiri anzawo a amuna anga anali alimi a ku Tembwe. Kumeneko amene wakuthandiza kumweta mpunga sabwerera kwake chimanjamanja, ndiye iwo anati zokolola zawo ndi zimenezi, ayenera kulawitsa aliyense amene anawalola kupondaponda m'munda mwake.

"Sungani kamodzi," ndinatero, ndikuwaona akumanga mtolo wonse pakaliyala wa njinga.

"Osadandaula, make mwana. Magazini yonse ili mulaibulale ku yunivesite. Tikafuna tidzaipeza."

Anabwerako akumwetulira ngati munthu wochokera ku ukwati, kaliyala ali mbee.

Patapita chaka ndi miyezi, mwayi unapezeka woti akaphunzire digiri yachiwiri, chinthu chimene ankachilota kuyambira tisanakwatirane. Koma ofunsira malo anauzidwa kuti amene anasindikizapo kafukufuku atumize kope lake, ndipo chimenecho chokha n'chimene chikanawakweza pamwamba pa anzawo a m'tauni. Mnzawo wina anakafufuza mulaibulale muja, n'kupeza kuti magaziniyo inasiya kufika kalekale. Kuitanitsa kope lina kunja, nthawi yofunsira ikanatha yankho lili m'njira. Sindinanene kuti ndinakuuzani. Ndinangowayang'ana nthawi yaitali, mpaka iwo eni anati, "Inde, unanena."

Ku Tembwe ndinawaperekeza, osati chifukwa cha chifundo ayi, ndinkafuna kuona ndi maso anga munthu akukalanda mphatso imene anapereka yekha. Manyazi ake ndi aakulu. Ankayamba ndi moni wautali, kufunsa za mvula, za njovu zimene zinalowa m'minda, za ana, kenako n'kumati, "Paja kapepala kaja mukali nako?"

Mdala woyamba anatithokoza kwambiri, nati pepala lofewa chotero anali asanalionepo, fodya ankakoma nalo. Mayi wina anali atakulungira vitumbuwa. Pakhomo lachitatu amuna anga anayamba kusangalala, chifukwa masamba onse analipo, omatidwa bwinobwino kukhoma ndi phala la ufa, pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Koma tsamba lili ndi mbali ziwiri, ndipo theka la nzeru zawo linali litayang'ana kudothi. Atayesa kumatula kangodya, kanatuluka ndi khoma lomwe. Ine ndinatuluka panja kukaseka kuseri kwa nkhokwe.

Kuseka kunanditha madzulo, nditaona mmene ankakankhira njinga osalankhula. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinakwiya nawo, zonse pamodzi.

Panatsala nyumba imodzi imene ankaizemba dala, ya mlimi amene anamwalira chilimwe chapitacho, yemwe munda wake ndiwo ankauyeza kwambiri. Mkazi wake, mayi wamfupi wosakonda zoyankhulayankhula, anamvetsera nkhani yonse, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi kabuku kaja kali m'pulasitiki ya shuga, kosapindika ngakhale pang'ono. Anati malemu ankakatulutsa alendo akabwera, ngakhale sankatha kuwerenga Chingerezi.

"Amama, mungandibwereke? Ndikungokajambulitsa pa makina ku Lundazi, ndibweza."

"Alangizi, chinthu chikapita ku tauni sichibwela. Mwana wanga anapita, wailesi inapita kukakonzedwa. Manje aka mufuna kapitenso?"

"Ndiye titani, amama?"

"Tipita tonse."

Tinakwera lole ya mpunga tonse atatu, mayiwo atamanga kabukuko m'chitenje pamimba. Msewu wa ku Lundazi masiku amenewo unali wa mabampu okhaokha, koma mayiwo anakhala pathumba ali nga, dzanja lili pamfundo. Amuna anga anayesa kupempha kuti aone tsamba limodzi lokha, akumbukire zimene analemba. Anauzidwa kuti kuli mphepo.

Makina a fotokope tinawapeza mu sitolo ina yogulitsa zolembera. Mtsikana wa pamakinawo anafuna kuchotsa kawaya kuti masamba alowe bwino, mayi aja anakana. Anafuna kutenga kabukuko kuti akaike pagalasi, anakananso. Pomaliza anagwirizana kuti aike okha, ndipo chivundikiro chitatsika, iwo anali atagwirabe m'mphepete. Kuwala kutadutsa pansi pa dzanja lawo anatsinzina, koma sanasiye. Tsamba lililonse zinali choncho: kutembenuza okha, kugwira, kutsinzina.

Mapepala atatuluka, mawu onse ankaoneka bwino. Koma m'mphepete mwa tsamba lililonse munali chala chachikulu chakuda bii, chikhadabo chake chong'ambika chikuoneka bwino lomwe. Mtsikana uja anati tingabwereze, kapena amete m'mphepetemo ndi lumo, chifukwa ku yunivesite angaseke.

Amuna anga anayang'anitsitsa chalacho. Kenako anandiuza motsitsa mawu chinthu chimene anali asanandiuzepo. Polemba nkhani ija anaika mayina a alimi onse kumapeto, powathokoza, koma akonzi a magazini anawachotsa, amvekere malo achepa. Ankagawa timabuku tija akudziwa kuti mulibe dzina la munthu wa ku Tembwe ngakhale mmodzi, ndipo zinkawawawa.

Mayi aja anali atabwezera kale kabuku kawo m'pulasitiki, akumanga mfundo. Anasuzumira mapepala athu n'kufunsa ngati chala chawo chaononga.

"Iyayi, amama," anatero amuna anga. "Sichinaononge."

Mtsikana anali atagwira kale lumo. Amuna anga anamulanda mapepalawo mwaulemu, n'kuwaika mu envulopu momwemo, chala chili patsamba lililonse, ndipo tinapita nawo ku positi mayi aja ali patsogolo.