Munangosewera Wogulitsa Makadi, Amalume

Amalume Che Saidi, lero ndaona achinyamata akujambula sewero ndi foni pamsika wa Mangochi, ndiye ndakumbuka inu. Nthawi ya chipani chimodzi ija, aphunzitsi a Mwale anajambula kanema ndi kamera yawoyawo, inu mukusewera wogulitsa makadi a chipani, mukufunsa mayi woyembekezera kuti, "Nanga wam'mimbayo khadi lake lili kuti?" Tinaonera m'kalasi masana, mazenera atatchingidwa ndi mabulangete. Anthu anaseka mpaka misozi. Inu munanditsina: "Asiyatu, seka pang'ono, ena muno sanabwere kudzaonera."

Sabata isanathe kunabwera galimoto, inatenga inu, aphunzitsi ndi kanemayo. Aphunzitsi anabwerako akudwala, inu ayi. Amene anakunenezani anakalamba bwinobwino, pamaliro ake tinadya mpunga. Manda anu sitikuwadziwa mpaka lero.