Madontho Khumi a Bambo Anga

Azimayi a kutchalitchi kwathu ku Mbizo akaona anyamata ali khale pansi pa mtengo, maso ali lendelende, amagwira pakamwa n'kumati, "Zamasiku ano izi, kale kunalibe." Ine ndikamva zimenezo mtima umandiwira. Kale lake liti? Ambiri a iwo anabadwa ine ndili kale ndi ana anayi.

Ndinakulira m'komponi ya mgodi wa golide kufupi ndi Kwekwe, nthawi ya nkhondo ija ya azungu. Bambo anabwera wapansi kuchokera ku Nyasalande, ndipo ntchito yawo inali yoboola miyala pansi pa nthaka. Kachipinda kathu kanali ka kampani, phoso la ufa ndi nyemba nalonso la kampani. Munthu akachotsedwa ntchito, zonsezo zinkathera pomwepo.

Ndili ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, bambo anayamba kutsokomola, chifuwa chouma cha fumbi la miyala. Aliyense m'komponi ankachidziwa chifuwa chimenecho. Pakapita miyezi ingapo amuna onse ankafoletsedwa pabwalo la chipatala atavula malaya, dokotala ndi wothandiza wake n'kumadutsa akumvetsera. Wotsokomola ankapatsidwa tikiti ya sitima n'kubwezedwa kwawo. Amayi anali a ku Tete, ndipo kwawo kwa bambo analibeko mbale ngakhale mmodzi. Ankaopa sitima imeneyo kuposa maliro.

Mayi wina wa pamzere wathu ndiye anawanong'oneza za kabotolo ka kusitolo. Kanali kakang'ono, kabulauni, konunkhira ngati switi, ndipo kankakhala pashelefu imodzi ndi sopo ndi mchere. Palibe anatiuza kuti muli choledzeretsa. Amayi sankadziwa kuwerenga, choncho anandiitana.

"Iwe wapitako kusukulu. Akuti madontho khumi m'supuni ya madzi. Werenga bwino, usalakwitse."

M'mawa wa tsiku lofola ndinawerenga mokweza, bambo n'kumeza. Chifuwa chinangoti zii. Ndinakasuzumira pampanda wa chipatala, ndipo ndinaona wothandiza dokotala akuwamenya pamsana n'kunena kuti, "Wena mushe, hamba sebenza!" kutanthauza kuti ali bwino, apite kuntchito. Bambo wa chipinda choyandikana ndi chathu anatsokomola kamodzi kokha, nabwezedwa. Mkazi wake tinamumvera chisoni, ife tsiku limenelo tinadyera nyama. Sindibisa, ndinayenda ndi matama komponi yonse, poti ndine amene ndinapulumutsa nyumba yathu.

Koma kabotolo sikanadikirenso tsiku lofola. Khumi anasanduka makumi awiri, kenako makumi atatu, m'mawa ndi madzulo, ndipo wowerenga anali ine ndithu. Bambo, munthu amene ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi, anayamba kuwodzera pakati pa nyimboyo. Nsima ankangoinyema kawiri n'kusamba m'manja.

Sabata ina kusitolo mankhwalawo anatha, akuti chifukwa cha nkhondo. Zimene ndinaona masiku amenewo sindinauzepo ngakhale mwamuna wanga. Bambo anagona pansi masana dzuwa likuswa mtengo, akunjenjemera ngati nkhuku yonyowa, mamina ndi thukuta zili mbwee, miyendo ikuphupha yokha. Amayi anagwada pambali pawo akulira.

"Abambo, tiyeni tisiye. Tingopita kwanuko, ndikazolowera."

"Tipite ndi chiyani, mayi? Mwezi wamawa tikufolanso."

Kenako anatembenukira kwa ine, munthu wamkulu amene sanapemphepo kanthu kwa mwana. "Amama, kayang'ane mabotolo akale kudzala. Uthiremo madzi, ukhutchumule. Ndakugwira mwendo." Ndinapita, ndinafukula kudzalako ndi manja, ndinapeza asanu, ndipo ndinachita zimene anandituma.

Anafolanso katatu, katatu konse anapambana. Chifuwa chinali chete, fumbi likuwadya m'kati. Tsiku lina masana atangotuluka mu mgodi anagwa, magazi ali pakamwa. Anthu anati mgodi wawadya, ndipo za kabotolo palibe anatchula. Chipinda chija anatilandabe sabata isanathe. Patapita zaka, munthu wochokera ku Nyasalande anatiuza kuti bambo wobwezedwa uja ali moyo ku Ntcheu, akulima chimanga, akutsokomolabe. Amayi atamva anatuluka panja.

Ndiye mukandifunsa ngati za lero zaposa za kale, ndivomera pang'ono. Lero zachuluka mitundu, zikugwira ndi ana asukulu omwe, ndipo anthu akuzitchula dzina. Ife tinalibe dzina lake, tinkangoti mankhwala, mayi n'kukagula yekha atabereka mwana kumbuyo. Koma munthu akagona pansi miyendo ikuphupha, amaphupha chimodzimodzi, ndipo amene waima pambali pake amasowa chogwira chimodzimodzi.

Ndimakhala ndi mdzukulu wanga, bambo wa ana awiri, amene amagulitsa zitsulo zakale. Mwezi watha ndinapeza botolo la mankhwala a chifuwa m'nsapato yake. Anaseka. "Gogo, hapana nyaya, palibe nkhani apa, ndi za chifuwa chabe." Chifuwa chake chiti, munthu sindinamumvepo akutsokomola? Ndinalibisa polimangirira m'chitenje changa, ndipo ndinalumbira kuti ulendo uno sindigonja.

Tsiku lachitatu anabwera kukhitchini akukwawa, thukuta lili mbwee, nandigwira mwendo weniweniwo. "Gogo, supuni imodzi chete, imodzi yokha basi. Mundithirire ndinu, kuti ndisapyoze muyeso." Ndinamukalipira, ndinamutchulira ana ake, ndinatchula ndi Mulungu yemwe. Iye ankangophupha pasimenti. Nditayang'ana m'manja mwanga ndinapeza supuni, ndipo milomo yanga inali itayamba kale kuwerenga.